Tsiku limene ndinasenza chikwama cha bwana

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo zonse zili moyo. Yoyamba ndi a Muhiwa, kapitawo wathu pa esiteti ya tiyi. Yachiwiri ndi akazi anga, amake Tamanda, amene chibatizidwireni sananamepo (ndayesapo kuwaphunzitsa, zinakanika). Yachitatu ndi bwana wina wa ku ofesi ya zantchito, amene angakonde nditamuiwala. Mukakayika pena pake, kwerani kabaza mudzafunse ku Chimaliro.

Zinayambira pasikelo. Tinali titathyola tiyi kuyambira m'mawa, ndipo anzanga ankaponya matumba a masamba m'ngolo ya thirakitala. Ine ndinawerama kuti nditole dengu langa. Thumba limodzi linakana ulendo wa kufakitale, n'kubwerera kudzatera pakhosi panga. Ndikulumbira, khosi linalira mwakuti amayi a ku Kapichi anaanula zovala poyesa bingu.

A Muhiwa anathamangira pomwe ndinagwa. "Achimwene, mukundiona?"

"Ndikukuonani awiri, akapitawo."

"Muuzeni winayo akunyamuleni. Ine msana."

Kuchipatala anandiveka kolala yoyera yolimba, n'kundiletsa kusenza kanthu, ngakhale chipewa. Kuofesi anati popeza ndavulalira pantchito pali chipukuta misozi, koma kudzabwera munthu kudzaona ngati ndavulaladi. Tsiku sanatchule. Dengu sindikanathanso kubereka, choncho pakhomo ponse tinkayang'anira ndalama imeneyo.

Kolala ndinaivala mokhulupirika. Ndinkagona nayo, kusamba nayo, mpaka mayi wina pamsika anandiyesa wansembe n'kuyamba kundiululira machimo (ndinamvetsera, anali abwino). Lachisanu lina amake Tamanda anati Sabata silingalowe m'nyumba mwawo kolala ikununkha ngati tonde. Anaichapa, n'kuiyanika pamtengo wa peyala, iwo ulendo kuchigayo.

Nditakhala pakhonde, ndinaona bambo wa tayi akukwera chitunda chathu wapansi, ali wefuwefu, chikwama chikumukokera pansi. Galimoto yake inali itatitimira m'matope kumunsi. Kwathu kuno mlendo safika pakhomo atadzinyamulira katundu, anthu angakunene mpaka pamaliro pako. Ana anali kusukulu. Mutu sunafunsidwe, miyendo inangonyamuka.

"Tikulandireni, bwana."

Chikwamacho chinali cholemera ngati mwana wang'ombe. Ndinamva pambuyo pake kuti munali mapeyala ndi zinanazi zomwe anagula m'njira. Dzanja linakana, ndiye ndinachiika pamalo pomwe katundu amakhala: pamutu.

Titayenda pang'ono, mlendo uja anati, "Ndachokera ku ofesi ya zantchito. Ndikufuna kwa bambo uja anavulala khosi pa esiteti. Mukumudziwa?"

Ndinakonza chikwama pamutu. "Timamudziwa, bwana."

"Akupeza bwanji?"

"Akuvutika kwambiri."

"Amatha kuyenda?"

"Pang'onopang'ono," ndinatero, n'kuchepetsa liwiro.

Nzeru yanga inali yakuti ndikamukhazike pakhonde, ndizungulire kuseri, ndivale kolala yonyowayo, ndituluke ngati mkulu wake wa wonyamula katundu uja. Zikanatheka. Koma pamphambano tinakumana ndi amake Tamanda, ufa uli pamutu.

"Abambo a Tamanda, kolala ndachapa kuti muzisenza katundu wa anthu?"

Bwana anaima. "Amayi, awa ndi ndani?"

"Amuna anga. Ovulalawo."

Ndinatembenuka msanga kuti ndiwatsinzinire diso, kuiwala kuti pamutu pali munda wathunthu. Khosi linati gwedye, n'kuumira kumanzere. Ndinagwa, chikwama chinatseguka, mapeyala anagubuduka chitunda chonse. Limodzi linakafika pagalimoto n'kudikira mwini wake. Izi akazi anga anaziona.

"Bambo, seweroli lakwana," anatero bwana, n'kundigwira mutu kuti auwongole. Kulira komwe ndinalira kunaitana a Muhiwa ali kumunda. Anabwera ndi thirakitala, anazula galimoto m'matope, ndipo bwana yemweyo ananditengera kuchipatala, ine ndikuyang'ana pazenera lakumanzere njira yonse.

Dokotala ataunika anati chilonda chakale chija chinali chenicheni, ndipo tsopano chawonjezeka. "Wamusenzetsa katundu munthu ameneyu ndi ndani?"

A Muhiwa anayang'ana kudenga. Bwana anayang'ana nsapato zake. Amake Tamanda anatsegula pakamwa, koma bwana anawapambana liwiro: "Ndalemba kale kuti kuvulala kwawo ndakuona ndi maso anga." Za mapeyala sanalembe.

Kenaka kudikira. Tiyi anadulidwa, anaphukanso, anathyoledwa. Khosi linawongoka koma osati lonse, mwakuti kutchalitchi ndimayang'ana kumbali ya amayi, ndipo akulu a mpingo anachita kukafunsa kwa dokotala.

Tsiku lina anatiitana kuboma. Pakhomo pa ofesi tinakumana ndi bwana uja, atanyamula cheke changa mbali ya kumanja kwanga, kumanzere kwanga chikwama chomwe chija. Ndikulumbira kuti ndinkafuna kulandira cheke. Koma maso anga amaona kumanzere, ndipo ndinaleredwa bwino.

"Tikulandireni, bwa..."

Amake Tamanda anandimenya padzanja, n'kulandira cheke iwowo. Mpaka lero ndimangomva kuti zinali ndalama zabwino.