Nthiti ya Chombo M'bafa la Amalume Eleazer

Kuno ku Gannet Cove ukangotchula malemu Eleazer Rumbolt, anthu amayamba kuseka usanamalize dzina. Bambo amenewa anasunga chipika m'bafa la m'nyumba mwawo zaka khumi ndi chimodzi, akuchithirira madzi ngati dimba, pamene akazi awo, Azakhali Tryphena, ankasambira m'beseni kukhitchini. Tonse tinkawatcha Amalume, ngakhale m'mudzi muno analibe mwana wa mlongo wawo ndi mmodzi yemwe.

Chipikacho chinakodwa mu ukonde wawo kuseri kwa chilumba: chakuda bii, chokhota ngati uta, chotalika mikono itatu. Atafika nacho padoko, analengeza kuti ndi nthiti ya chombo cha alenje a anamgumi amene ankawoloka nyanja kuchokera ku Spain zaka mazana anayi zapitazo.

"Nthiti ya chiyani!" anatero Obadiah Pye, mnzawo wokangana naye kuyambira ali kusukulu. "Umenewo ndi mzati wa doko lakale limene agogo anga anamanga."

"Agogo ako mtengo wa thundu anauonera kuti? Kuno mitengo yake ndi yolekeza m'chiuno. Taona kukhotaku. Sanachite kupinda ndi moto ayi. Mmisiri ankalowa m'nkhalango chombo chili kale m'mutu, n'kumasaka mtengo wobadwa wokhota. Ngati miyendo yakoyo, Obadiah. Akanakuona akanakugwetsa."

Amalume anaumirira kuti chikangouma chifa, ndiye anachilowetsa m'bafa. Loweruka lililonse ankataya madzi akale n'kutunga ena kunyanja, ndowa khumi ndi zinayi. Ife a m'sitolo ya padoko tinawerengetsa: m'zaka zonsezo anasenza ndowa zikwi zisanu ndi zitatu kudza zisanu ndi zitatu, zina atachita kuswa madzi oundana ndi nkhwangwa.

Abusa atsopano atabwera kudzacheza, anapempha kukasamba m'manja, ndipo Amalume anawatsatira kubafa. Anatuluka patatha ola, tiyi atazizira, akudziwa kuti amisiri akale ankayamba ndi msana wa chombo, kenako nthiti, matabwa pomalizira, ogundana m'mphepete osasanjikizana, kuti chombo chikule n'kupirira mafunde a pakati pa nyanja.

"Nowa akanandifunsa ine," Amalume anawauza powaperekeza, "sakanakhala masiku onse aja akungoyandama ngati bokosi."

Chaka china Amalume anagonekedwa m'chipatala sabata ziwiri. Tsiku lililonse foni inkalira kunyumba.

"Tryphena, madzi akuiphimba yonse?"

"Moni kaye, bambo inu! Amene munamukwatira kutchalitchi ndi ine."

"Iwe ndikudziwa uli bwino, mawu akowo. Kayang'ane nsonga ya kumpopiyo."

Azakhali anapirira mpaka mawondo atayamba kuwavuta. Dokotala anati aziwaviika m'madzi otentha tsiku ndi tsiku, koma bafa linali ndi mwini wake. Tsono Azakhali analemba okha kalata ku yunivesite, n'kuika yankho lake patebulo pafupi ndi buledi.

"Kukubwera katswiri wofukula zombo zomira. Akati ndi chombo, chabwino. Akati ndi mzati wa agogo a Obadiah, ndichiyanika padzuwa, ndichiwaza, ndiwiritsira madzi anga oyamba."

"Abwere," Amalume anayankha molimba mtima. Koma tsiku limenelo nsomba yawo yamchere anaisiya m'mbale.

Katswiriyo, Dokotala Solange Arsenault, mayi wa chilankhulo cha Chifalansa, anafika mu Juni. M'kanyumba ka zipinda zinayi munadzaza anthu makumi awiri ndi atatu, Obadiah ali patsogolo atavala jekete la kutchalitchi. Mayiyo anagwada, anapinda malaya, n'kuyamba kusisita chipikacho pansi pa madzi. Anapeza timabowo ta zikhomo zamtengo ndi mikwingwirima ya kasemasema. Anayeza, analemba, anayezanso. Amalume anali chilili pakhomo, chipewa akuchifinya ngati chonyowa.

"Anakuuzani ndani kuti muzichisunga m'madzi?" anafunsa mayiyo.

"Nsomba ukaivuula imatani, mayi?"

"Mukanachisiya panja mwezi umodzi, chikanang'ambika n'kuyoyoka. Bambo, iyi ndi nthiti ya chombo chachikulu chowoloka nyanja, ndipo ndi yakale monga mukunenera."

Amalume anatembenuka pang'onopang'ono. "Obadiah, wamva? Kapena abwereze mu Chifalansa?"

"Ine ndakhala ndikunena kuti agogo anga ankadziwa kutola zinthu zabwino," Obadiah anayankha osaphethira.

Chilimwe chimenecho akatswiri osambira pansi pa nyanja anatsika pamene Amalume analoza, ndipo anapeza matabwa ndi nthiti zina mazana awiri kudza khumi ndi ziwiri. Anazivuula chimodzichimodzi, kuzijambula, kuziyeza. Kenako Dokotala Arsenault anabwera kunyumba ndi nkhani imene Amalume sanaiyembekeze: zonse zibwerera pansi pa nyanja, zikakwiriridwe mumchenga, ndipo nthiti ya m'bafa ipite ndi zinzake.

"Mukaitaye? Ine ndimati ikakhala m'galasi, dzina langa pansi pake!"

"Mchenga unaisunga zaka mazana anayi, bambo. Inu mwaisunga khumi ndi chimodzi, ndipo mwatha msana. Palibe nyumba imene ingaisunge kuposa pamene inagona."

Amene anadzuka ndi Azakhali. Anatenga chinsalu chakale cha matanga, anachinyowetsa, n'kukulunga chipikacho mosamala ngati khanda.

"Musaikokere pansi," anauza anyamata amene anadzainyamula. "Yakhala nafe kuposa mwana wathu wachisamba."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse nyanja ikakhala bata, Amalume ankapalasa bwato mpaka kuseri kwa chilumba, n'kudyera pomwepo buledi wawo wopaka manyuchi, akulankhula ndi madzi. Anatero zaka zinayi. Anamwalira mu Epulo, madzi oundana akuyamba kusweka padoko.

Lero alendo amabwera mabasi athunthu, masitolo atatu atsegulidwa, ndipo chaka chamawa tikuyembekeza ochulukirapo. Asodzi akamadutsa kuseri kwa chilumba amachepetsa injini popanda wowauza. Koma padoko pazizira. Amene amafotokozera alendo tsopano ndi Obadiah, ndipo amalakwitsa dala: amati chombocho chinali cha matabwa a paini, chomangidwa ndi agogo ake. Akatero amaima kaye, khutu atalozetsa kumsewu, kudikira wina womutukwana. Alendo amangogwedeza mitu n'kulemba.