Nkhope ya Dona Quitéria Yotsalira M'phula

Mu Maputo monse munalibe mmisiri wodana ndi wotchi ngati malemu a Baltazar Nhabinde. Chonsecho ntchito yathuyi imalira wotchi. Umapaka phula pa mbale ya mkuwa, n'kuzokota nkhope ndi singano, kenaka n'kuviika mu asidi kuti adye mizereyo. Ukachedwa kuvuula, mizere imazama, ndipo papepala nkhope imatuluka yakuda bii. Koma mkuluyu ayi. Akaviika mkuwa ankangouza mwini nkhopeyo kuti, "Tayambani kulankhula. Mawu akakutherani, ndivuula."

Akatero ankatsamira khoma, maso tsinzinu, dzanja likupalasa thovu la asidi ndi nthenga ya nkhuku. Ndinagwira nawo ntchito m'chipinda chimodzi zaka makumi awiri, koma mpaka lero sindidziwa ngati ankamva kapena ankalota.

Dona Arminda, ogulitsa zitumbuwa za nyemba pageti, anadandaula za mkamwini wawo ola lathunthu. Pepala litatuluka m'makina anagwira kukamwa.

"Amisiri, ameneyu ndi ine kapena agogo anga auka kumanda?"

"Wakukalambitsani ndi mkamwini wanu, mayi. Ine ndangogwira nthenga."

Wansembe wina ndiye anachita kunyanya. Anayambira pa Adamu, ndipo pofika kwa Yona asidi anali ataboola mkuwa.

"Nanga pakamwa panga pali kuti?" anafunsa wansembeyo.

"Mwapamaliza nokha, Bambo."

Ku Mafalala kwathu anajambula aliyense, ometa, osoka nsapato, zidakwa zomwe. Anangotsala munthu mmodzi, mkazi wawo Dona Quitéria. Tsiku lililonse masana mayiwo ankabwera ndi mpunga wa matapa, ndiwo ya chigwada yotendera, n'kuima kuyang'ana nkhope za anthu ena pakhoma.

"Baltazar, nanga ine?"

"Mawa, Quitéria."

Mawa ameneyo anatenga zaka makumi atatu. Mayiwo sankakangana, koma zinkawapweteka, ndipo ine zinkandinyansa kwabasi.

"Mkulu, mulibe manyazi?" ndinawakalipira tsiku lina. "Mpaka chidakwa chikhale pakhoma, mkazi wanu ayi?"

"Iwe Hilário, ameneyu salankhula. Mawu atatu basi. Pepala lituluka loyera mbee."

Anaponya maso pazenera pomwe kamphepo ka kunyanja kankagwedeza mapepala oyanika. Kenaka anati, "Komanso sindinamalize kumuyang'ana."

Anamwalira masana ena otentha, atatsamira khoma lawo lija. Wometa yemwe ankamujambula anapitiriza nkhani ya mpira kwa theka la ola osadziwa kuti akulankhula yekha. Pamaliro tinaseka nazo mpaka misozi, ndipo misoziyo sinafune kuleka.

Patatha sabata, posesa m'chipinda, kuseri kwa kabati ndinapeza mbale ya mkuwa yokulunga m'nsalu. Inali nkhope ya Dona Quitéria, yozokotedwa m'phula koma yosaviikidwa. Mizere ina inali ya dzanja lamphamvu la mnyamata, ina yonjenjemera ya nkhalamba. Kani masana onse aja, mayiwo akatembenuka kupita kwawo, mkuluyu ankawonjezerapo kamzere!

Ndinawaitana mayiwo, ndinakonza asidi, ndinawapatsa mpando.

"Dona, lero ndi tsiku lanu. Lankhulani zonse, ndiviike. Pofika madzulo mukhala pakhoma."

Anainyamula mbaleyo, kuipendeketsera kowala, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Mukavuula, phulali mumalitani?"

"Timalitsuka, Dona. Apo ayi inki singalowe."

Anandilozera m'mphepete. Phula lonselo linali zidindo za zala za mwamuna wawo, zina pamwamba pa zinzake.

"Musaviike," anatero.

"Koma mwadikira zaka makumi atatu!"

"Apapa akundigwirabe."

Anaikulunga m'nsalu yawo ya m'chiuno n'kutuluka nayo pang'onopang'ono, akuitchinga kudzuwa kuti phula lisasungunuke. Chithunzi chabwino koposa cha a Nhabinde sichinasindikizidwe, ndipo ndine ndekha mmisiri amene ndinachiona.

Masiku ano tinapachika wotchi pakhoma, ndipo nkhope zathu zimatuluka bwinobwino. Koma anthu amangokhala pampando chete, n'kuchoka. Dzana Dona Arminda anasuzumira pakhomo, nkhani ya mkamwini ili kale pamlomo. Atayang'ana pakhoma lopanda wotsamira, anangoti, "Basi, ndimangodutsa," n'kubwerera kugeti.