Makala Atatu ndi Alendo a Lamulungu

Lolemba
Chitofu cha magetsi chafa, ndipo m'masitolo a m'tauni mulibe chokonzera. Lamulungu kukubwera makolo a mnyamata wofuna kukwatira Tisa, mwana wanga. Mayi ake akanakhala moyo, bwenzi atasankha makala osandifunsa. Ine ndine kalaliki, ndiyesa mwadongosolo. Pamsika wa Chelstone ndagula milu itatu ya makala kwa Ba Chanda: a mutondo, a muwanga, a tsanya.

Lachiwiri
Mbaula, ketulo, wotchi, kope. A mutondo akuyaka msanga, akuthetheka kwambiri. Andiboolera buluku la kuntchito!

Lachitatu
A muwanga ndi olemera, ovuta kuyatsa. Kukupiza mpaka mkono kuwawa. Madzi atangotsala pang'ono kuwira, akulowa tcheyamani wa chipani kudzaona makadi a umembala. Wamwera tiyi madzi anga oyesera, makapu awiri. Nthawi sindinalembe.

Lachinayi
Tisa wasesa khonde, milu yonse wathira m'thumba limodzi. "Atate, malasha ni malasha." Ndakhala pansi kuwagogoda limodzilimodzi pafupi ndi khutu, monga ankachitira mayi ake. Iwo ankamva kanthu. Ine ndikungoda manja.

Lachisanu
Ndabwerera kwa Ba Chanda kuti andisiyanitsire. Akuseka mpaka kutsokomola. Akuti onse adachokera mu uvuni umodzi, mayinawo adandipatsa chifukwa ndidabwera ndi kope. Muwanga weniweni udatha kuno, owotcha akuutsata kupitirira Chongwe. M'basi ndikukumbukira tsiku lomwe tidabwera kuchokera ku Chipata ndi malemu mkazi wanga, mitengo ili gwa mbali zonse za msewu. Lero kulibe, tidaiphikira tokha.

Loweruka
Mvula. Thumba ndidalisiya panja ndine. Tayanika makala pa lata m'chipinda chochezera. Tisa akungopukuta mbale zopukuta kale. Lero ndi pamene ndikuona kuti sabata yonseyi mwanayu ali ndi mantha, ine ndili kalikiliki ndi ketulo.

Lamulungu
Utsi nyumba yonse, alendo akulowa akupukuta maso. Bana Mwape, a nyumba yoyandikana, atipatsira pampanda mbaula yoyaka kale. Nkhuku yapsa mochedwa koma yapsa. Nkhani yayenda bwino, Tisa wamwetulira kukhitchini. Bambo a mnyamatayo ndi a ku Luapula, akunditchula mwa kwawo kuti bashi Tisa, ndiye kuti bambo a Tisa. Akuti ali achichepere ankawotcha makala. Powaperekeza ndawafunsa motsitsa mawu kuti abwino kwenikweni ndi ati. Ayang'ana lata lija, ayang'ana ine.

"Ouma, bashi Tisa."

Ndalemba m'kope. Masamba otsalawo Tisa wati alembemo mayina a oitanidwa ku ukwati.