Gondolosi m'Botolo la Yohane

Lolemba

Zaka zinayi mwana wanga Yohane ali pabanja, m'nyumba muli zii. Asewere ku Masembura atumiza mawu: Lamulungu akubwera kudzatenga mwana wawo.

Dokotala ku Harare akuti apongozi, mkazi wa Yohane, alibe vuto. Vuto ndi Yohane. Mbewu ilipo, koma ikuyenda ngati munthu woweruka atatopa. Mahomoni, amene ndamva kuti ndi akapitawo a m'thupi, ati ali bwino. Kapitawo ali maso, antchito ali mtulo. Zoterezi ndaziona mumgodi zaka makumi atatu.

Zonsezi ndamvera pakhoma, poti bambo ndi mwana sakambirana zotere. Ndikonza mwakachetechete.

Zofunika: gondolosi, kamtondo, pakamwa potseka. Chachitatucho ndilibe.

Lachiwiri

Njinga mpaka ku Matepatepa kwa a Jumbe, mnzanga wodziwa mizu. Andipatsa mizu itatu ya gondolosi. Ndiyamba ndayesa pa tambala. Wathamangitsa misoti yonse, kenaka bakha wa eni ake. Muzu ulipo!

Lachitatu

Ndasinja, ndathira m'botolo la tiyi limene Yohane amatsika nalo pansi mumgodi. Madzulo botolo labwera louma. Ndayamba kusankha maina a mdzukulu.

Lachinayi

Supuni ziwiri lero. Madzulo Yohane akuti, "Baba, tiyi wa masiku ano anzanga akumukonda. Ine sakundifika n'komwe."

Ha! Ine, wokalambira mumgodi, kuiwala? Pansi botolo silikhala la munthu mmodzi. Limazungulira gengi yonse, amuna asanu ndi atatu, mwini wake pomaliza.

Ndafotokozera munthu mmodzi yekha kubhawa, komwera mowa, kuti mtima upepuke.

Lachisanu

Komboni yonse yamva. Pakhomo pali Mai Tendai, mkazi wa woboola miyala wa m'gengimo, ana asanu ndi anayi kale, manja m'chiuno.

"Sekuru, munoda kundiuraya here?"

Ndati ayi mayi, sindikufuna kupha munthu, katundu wangosokera. Apongozi ali pakhomo la khitchini, amva zonse. 

Loweruka

Apongozi anditengera kukiliniki, muzu uli m'thumba. Anesi akuti gondolosi sakudziwa ngati amathandiza. Akufunsa ngati pali china chimene ndimam'patsa Yohane.

Ndayankha monyadira: njere za papaya zosinja, m'mawa uliwonse chikwatire, zothamangitsa njoka za m'mimba.

Anesi aika cholembera pansi. Akuti njerezo zimadziwika kuti zimafooketsa mbewu ya mwamuna. Mwina ndi zimenezo, mwina ayi, koma ndileke lero lomwe. Mbewu yatsopano imafuna miyezi itatu.

Tabwerera kunyumba. Pageti apongozi akuti, "Mawa mukanene nokha, baba."

Lamulungu

Asewere afika ndi basi ya m'mawa, chipewa chatsopano, nkhope yolimba. Ndafotokoza zonse. Chibadwire, nkhani yoyamba kuikamba yopanda mchere.

Asewere aseka mpaka kupukuta maso ndi chipewacho. Akuti mwana wawo akhale, tionane pokolola. Malamulo aika apongozi: khitchini sindilowa, botolo sindikhudza, ku Matepatepa ndipita wopanda thumba.

Alendo atapita, Yohane wakhala pambali panga, akuyang'ana nsapato zake.

"Njoka zija ndinalibe, baba. Ndimangomwa poti ndinu."

Ntchito yanga tsopano ndi kukhala pakhonde, manja pamaondo, miyezi itatu. Mgodi unali wosavuta.