Zitini Zinayi ndi Alamu a ku Mozambiki

Lolemba

Ndalandira malipiro kuhotela. Mwezi wathunthu kuchapa ndi kusita nsalu za alendo, envulopu yake yopyapyala ngati tsamba la fodya. Koma mwezi uno sindilira ayi! Ndayamba maphunziro aulere a kasamalidwe ka ndalama, pansi pa bwemba kuseri kwa msika wa Makokola. Alangizi ake ndi Mayi Mbwana, salipiritsa ngakhale tambala. Akuti, "Ndalama sichepa bambo, imangosowa m'busa."

Ndapeza zitini zinayi za mkaka, ndazilemba ndi msomali:
chakudya
lendi
sukulu ya Saidi
zadzidzidzi

Akutinso tizilemba chilichonse, ndiye ndikulemba. Pakhomo tilipo anayi: ine, mayi a Saidi, ana awiri. Masamu akukwana, mpaka ya shuga kutsala. Ndine m'busa!

Lachiwiri

Tilipo asanu ndi anayi.

Poweruka ndapeza alamu anga Abiti Juma, akulu awo a mkazi wanga, ali pakhonde ndi ana anayi. Achokera ku Mozambiki wapansi, kudzera ku Katuli. Mudzi wawo watenthedwa. Katundu wawo: mphika umodzi, khasu lopanda mpini. Amuna awo anasiyana nawo m'tchire mfuti zitalira, mpaka pano sakudziwika.

Za mapazi awo sindilemba.

Chitini cha chakudya chapepuka ndi theka. Ufa, usipa, mchere. Shuga tionana mwezi wamawa.

Lachitatu

Phunziro lachiwiri: kusiyanitsa zofunika ndi zongolakalaka. Ndafunsa kuti nanga alamu ali mbali iti. Anthu aseka. Mayi Mbwana sanaseke. Akuti ndikawalembetse kuofesi ya othawa nkhondo, azilandira ufa ndi nandolo.

Eni nyumba abwera kudzawerenga mitu. "Ndinabwereketsa nyumba kwa banja, osati kwa mudzi." Lendi yakwera. Chitini chake sichinamve, chikadali chomwecho.

Fodya ndasiya. Osati mwa kufuna.

Lachinayi

Ndapempha tsiku kwa kapitawo, adzadula pamalipiro. Matola mpaka ku boma ku Mangochi, ine ndi alamu ndi khanda lawo Mwanaisha kumsana. Mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Kalaliki akuti, "Khadi n'la okhala kukampu. Abwerere kumalire."

Alamu akana. "Bambo a ana akandifuna kwa mng'ono wanga. Kukampu akandipeza bwanji?"

Tabwerera opanda khadi, opanda nandolo. Matola adya chitini cha sukulu. Saidi akuvina pabwalo! Pakhomo pano ndi yekhayo amene bajeti yamukomera.

Mwanaisha akutsegula m'mimba. Liwombo lalowa.

Lachisanu

Kumzikiti sindinapite. M'mamawa ndabwereka njinga, alamu pakaliyala ndi mwana m'manja, kuthamangira kuchipatala. Tili pakati pa njira alamu andigwira malaya. "Alamu, musapalasenso. Tibwerere."

Chitini cha zadzidzidzi: nsalu ya sanda, lubani, ufa wa anamfedwa, yolipira njinga. Zakwana bwinobwino, osatsala osapereweza. Pa zitini zonse ndi chokhachi chimene chagwira ntchito imene ndinachilembera.

Tamuika dzuwa lisanalowe. A shehe anena mawu ochepa. Ena obwera pamaliro amafunsa dzina la mwanayo, wakhala pamudzi pano masiku atatu okha.

Tilipo asanu ndi atatu. Kuchotsera kumeneku sindinakupemphe.

Loweruka

Pansi pa bwemba palibe munthu. Ndapita kunyumba kwa Mayi Mbwana kukawaonetsa kabuku, mwina andiuze pamene ndalakwitsa.

Pabwalo pawo mphasa zili mbwee. Ndawerenga anthu khumi ndi atatu, ena akutuluka m'khitchini ndikuwerengabe. Alangizi ali chogwada, akuyeza ufa ndi kapu ya tiyi, akusalaza pamwamba ndi chala kuti usapitirire. Anthuwo ndi abale a amuna awo, nawonso othawa nkhondo, anafika sabata yatha.

Kabuku awerenga konse, mwaulemu. "Simunalakwitse paliponse, bambo." Kenaka motsitsa mawu: "Kuhotela kwanuko buledi wotsala amataya kuti?"

Ndalonjeza kulankhula ndi kukhi, wophika wa kuhotela. Phunziro lachitatu laimitsidwa kaye.

Lamulungu

Lendi ndapereka imene inalipo. Eni nyumba alandira ndi dzanja lamanzere, akuti yotsalayo pasanafike Lachisanu. Malipiro ena ali kutali masabata atatu. M'thumba la ufa mwatsala wa masiku anayi ngati tidya kamodzi.

Alamu akhala tsiku lonse moyang'ana msewu. Aliyense wodutsa atavala chipewa, amadzuka.

Kulondile, kochapira nsalu kuhotela, andipatsa chidutswa cha sopo chotsala. Ndatenga ulusi kuti ndichidule pasanu ndi patatu, aliyense chake. Mayi a Saidi andigwira dzanja. "Dulani pasanu ndi panayi. Amuna a alamu anu akafika adzafuna kusamba."

Ndayang'ana sopo. Ndayang'ana msewu.

Ndadula pasanu ndi panayi.