Kuperekeza Tiyanjane

Usiku wathawu ndinalota ndikuperekeza Tiyanjane, mwana wanga uja akunyamuka Loweruka kukagwira ntchito ya unamwino kunja. Imitsani kaye makina osokerawo, akazi anzanga, mumve. Mukudziwa mmene ulendowu wandidyera mtima. Ndege sindikuiopa ayi. Chondiliza n'chakuti kumeneko akamatsanzika pakhomo pa munthu, ndani adzamutulutse mpaka pamsewu? Ndimamva kuti amakutsekera chitseko usanamalize n'komwe kuvala nsapato.

Ndiye m'malotomo ndinati, "Tiye ndikufikitse pamtengo wa mango apo." Tinafika pamangopo nkhani isanathe. Ndinati pamjigo. Pamjigo nkhani inali itangoyamba kukoma. Mwadzidzidzi njira yathu ya ku Chilomoni inasanduka ya miyala yoyala bwino, yopanda fumbi, yopanda minibasi yokulizira hutala m'khutu. Patapata wanga wakumanzere anatsokomola n'kunena kuti, "Mayi, kuno ndi ku Lisbon, konzekani chitunda." Wakumanja, waulesi chimugulireni, anang'ung'udza: "Ife tinapangana za pamango."

Chitundacho ndinakwera osamva kanthu, ine wa mawondo olira aja. Pamphambano panaima wapolisi wa pamsewu. Ndikuti ndimupatse moni, yunifolomu yagwa pansi, watsala birimankhwe ali pamtengo wachitsulo. Akatembenukira magalimoto n'kufiira, onse chilili. Akatembenukira ife n'kubiriwira, timadutsa pang'onopang'ono ngati akwati. Galimoto kuimira munthu wapansi, anzanga! Ndinadutsa, n'kubwerera, n'kudutsanso kuti ndimve kukoma.

"Amayi, bwererani tsopano, mwasiya nyemba pamoto," anatero Tiyanjane.

"Zipse. Ndikufikitse pamlatho apo."

Ndiye mlathowo unatitula ku Venice, kumene misewu ndi madzi ndipo galimoto kulibe ndi imodzi yomwe. Milatho yake ndi yosawerengeka, komanso ndi yaulemu. Uliwonse ndikauponda umati, "Pepani mayi, womaliza si ine, pitani kwa akulu anga kutsogoloko." Ine n'kumapita. Tinalowa m'tinjira topanikiza mapewa, zovala zoyanika zikutiweyula pamutu, fungo la buledi likutitsogolera. Mwana wanga ndinamugwira dzanja ngati tsiku limene ankayamba sukulu.

Mwadzidzidzi pakati pa kanjirako panali tebulo, patakhala bwana woona za olowa m'dziko. Anavula magalasi, khosi linatalika n'kufiira, anasanduka nkhukundembo.

"Cholinga cha ulendo?"

"Ndikuperekeza mwana, bwana."

"Operekeza amabwerera pamango. Inu mwaoloka nyanja."

"Ndibwerera ndikaona woti ndimusiyire."

Anafufuma nthenga, n'kundidinda chidindo ndi phazi lake pachitenje. Ndiye tinatulukira mumzinda womwe Tiyanjane akukagwira ntchitowo. Kamvula kowaza, mitengo m'mbali mwa njira, mabenchi opumirapo, anthu piringupiringu wapansi. Koma moni? Aliyense maso kutsogolo. Ndinati mwana wanga adzafa ndi kusungulumwa pakati pa chikhamu chonsechi. Benchi ina inandinong'oneza kuti, "Khalani pansi mayi, inu mwalankhula kokwanira."

Nditakhala, ndinaona Tiyanjane akupita kwa mayi wina wachizungu wolemedwa ndi majumbo. Anapinda mawondo pang'ono. "Mwaswera bwanji amayi? Ndikulandireni." Anamunyamulira mpaka pakhomo pake. Mayiyo anagwira chitseko, anaganiza, n'kuchisiya. Akuti sizingatheke kuti Tiyanjane abwerere yekha, amubwezeko pang'ono. Ali m'njira, wophika buledi anatuluka ndi ufa m'manja kuti aperekeze mayiyo. Bambo wina wa galu anaperekeza wophika bulediyo. Posakhalitsa msewu wonse unali kuperekezana, kupita uku, kubwerera uku, wofika kwawo palibe, aliyense akuti, "Ndikusiyani pakona apo." Ngakhale nkhukundembo inatseka ofesi, ili pambuyo ikuperekeza galu.

Pakati pawo panali mwana wanga, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Atandiona anafuula, "Amayi, dikirani ndikuperekezeni!"

Ndinaimirira. Misozi inali mbwembwembwe, koma pachifuwa panapepuka. "Ayi mwanangu, tsala ndi anzako. Njira ndikuidziwa."

Ndiye ndinatembenuka ndekha, osacheuka. Ndisanaponde kawiri ndinamva tswii, tswii, ndipo maso anatseguka. Kunja kutayera. Inali zipi ya chikwama kuchipinda kwa Tiyanjane, ikukana kutseka. Chikwama chimenecho sabata yonseyi ndakhala ndikuchilambalala ngati muli njoka. Ndinadzuka, ndinamanga chitenje, ndinakankha chitseko chake, n'kukhala pachikwamapo ndi thupi langa lonseli.

"Koka tsopano," ndinatero.

Inatseka.