Pisitoni ya Folkert ndi Chikhodzodzo Changa

Sendezani mpandowo kuno, akulu, ndipo mowawo muugwiritsitse. Mwaiona bagi yobiriwira ili panjapo, kagalimoto koyendera mumchenga kaja? Ndi yanga imeneyo. Denga ilibe, zitseko ilibe, injini ili kumbuyo pamtetete ngati matako a nyani, koma musainyoze. Kafunseni aliyense m'kalabu yathu ya mabagi ya kuno ku Friesland ngati galimoto ya Gerben inafapo panjira. Akuuzani kuti zaka makumi awiri sinafepo. Iwowo sakunama ayi, wabodza ndine.

M'kalabumo tili ndi mwambo. Pali pisitoni yakale ya m'injini, yowauka, yolemera ngati mwala, yomangidwa pa tcheni cha njinga. Munthu amene injini yake yazima panjira pa ulendo wathu wapachaka amaivala m'khosi. Amadya nayo, amathira nayo petulo, amalowa nayo m'sitolo, mpaka mnzake adzagwe m'tsoka lomwelo. Chaka chimene ndikunenachi inali m'khosi mwa Folkert, mkulu wina amene kale ankagulitsa makatani. Anali ataivala pa misonkhano yonse ya chaka chathunthu, khosi litapindika, mtima utada bii. Munthu ameneyo poyendetsa sankayang'ana msewu, ankangotchera khutu ku injini za anzake.

Ulendo unali wa kum'mwera kwa France, kukaona mapiri a mchenga. Kukaona basi, mwamva? Galimotozi anazipangira mchenga, koma mchenga wonse wa kuno ndi wa mbalame ndi boma, ukangopondetsapo tayala apolisi afika. Ndiye timayenda masiku anayi pa tala, n'kukaimika pamalo olipira, n'kuuyang'ana mchengawo tikudya buledi wa tchizi wochoka naye kunyumba poopa mitengo ya Afalansa, kenako n'kubwerera. Tikafika timauza anthu kuti tinali kuchipululu.

Tsono ine, kutatsala sabata, satana anandilowa. Ndinachotsa malata akuda ophimba injini, aja amawongolera mphepo kuti isatenthe, n'kuikapo onyezimira amene ndinagula motchipa pa msika wa zakale. Inu, ankawala! Munthu ukanatha kumetera ndevu pamenepo. Mkazi wanga Hiske anawayang'ana nati, "Nanga akale aja analakwanji?"

Ndinati, "Mayi, inu samalani fulasiki ya khofi."

Tsiku loyamba zinayenda bwino chifukwa kunali mitambo. Tsiku lachiwiri tili mkati mwa France, dzuwa lili phwee, ndinangomva kumbuyo kwanga: kho, kho-kho. Injini kutsokomola. Ndinadziwiratu kuti malata aja atsekereza kutentha ndipo petulo akuwira m'pampu. Matenda ake ndi ochepa, umangothira madzi ozizira pa pampupo, mphindi zisanu yadzuka. Koma ukachita zimenezo anthu akuona, pisitoni ndi yako.

Hiske anati, "Imeneyo ndi chiyani?"

"Palibe."

"Gerben, ikufa."

"Tsitsani mawu, mayi, Folkert ali kumbuyoku!"

Pomwepo ndinakumbukira kuti malamulo athu sawerengera munthu woima kuti akataye madzi. Ndinakhotera pambali injini isanazimiretu, n'kuimika mbuyo yake italowa m'zitsamba. Ife mmodzi akaima tonse timaima, ndiye galimoto zisanu ndi zinayi zinandandalika m'mbali mwa msewu. Folkert anabwera chothamanga, pisitoni ikumumenya pachifuwa, manja ali kale pa tcheni.

"Yafa? Yafa eti, mdala?"

"Afa ndi agogo ako. Munthu asataye madzi?"

Ndinalowa m'zitsambamo botolo lili m'jekete, n'kuthira pa pampu. Inalira tswiii. Ndinatsokomola mwamphamvu kuti asamve, n'kutuluka ndikumanga lamba. Kiyi kamodzi, vuu! Nkhope ya Folkert inagwa ngati walandira uthenga wa maliro. Ine mtima unali mbee, osadziwa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Makilomita makumi anayi, kho-kho. Zitsamba. Makumi anayi ena, kho-kho. Munda wa chimanga. Pofika madzulo ndinali nditaimitsa mdipiti wonse kasanu ndi kawiri, ndipo paliponse pothira petulo ndinkatuluka m'sitolo nditakumbatira mabotolo asanu ndi limodzi a madzi. Kwinakwake nthunzi inandiwotcha dzanja, ndinadzidzimuka, theka la botolo linathera pa thalauza, kutsogolo kwenikweniku. Ndinatuluka choncho pamaso pa anthu khumi ndi asanu ndi awiri. Palibe anaseka. Inu, tamverani, m'kalabu yathu anthu akasiya kukuseka ndiye kuti zako zada.

Tili ndi mayi wina, Aukje, namwino wopuma pantchito, amene amayendetsa bagi yake yekha ndipo saopa mwamuna aliyense. M'mawa mwake anandipeza ndikupukuta malata anga.

"A Gerben, usiku mumadzuka kangati?"

"Kudzukiranji?"

"Musandipusitse, ndagwira ntchitoyi zaka makumi atatu ndi zisanu. Mukamataya madzi, amatuluka mwamphamvu kapena modontha?"

"Mayi, ndikudya!"

"Simukudya, mukupukuta chitsulo. Hiske, bambowa anapitako liti kwa dokotala?"

Hiske anayankha asanaphethire n'komwe: "Tsiku lomwe anabadwa."

Tsiku limenelo linali Lamlungu, ndipo Afalansa Lamlungu amatseka chilichonse kupatula tchalitchi. Madzi anga anatha nthawi ya nkhomaliro. Ine mwini sindinalaweko ngakhale dontho chiyambire dzulo lake, onse ankamwa ndi pampu. Cha m'ma thuu koloko, kho-kho. Ndinakhotera pa mpanda wa minga, kuyang'ana m'galimoto, mabotolo onse gwaa. Ndinapempha khofi wa m'fulasiki, Hiske anati ndi wotentha, komanso ndi wake.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaima kumbuyo kwa galimoto yanga, ndinayang'ana pampu, ndinati basi, lero bodza lisanduke zoona. Ndinamasula thalauza, n'kulunjika.

Osatuluka kanthu.

Inu, munthu amene wanamizira kukodza kakhumi ndi kawiri, tsiku lofunadi mkodzo, m'thupi mouma ngati buledi wa sabata yatha! Ndinakankha. Ndinaimba mluzu. Ndinaganizira za ngalande zonse za kwathu kuno, mvula ya Novembala, mpope wa kubafa. Thukuta lokha ndilo linkatuluka. Kenako ndinayamba kuchonderera mokweza, "Tuluka, chonde, ngakhale madontho atatu okha, usandichititse manyazi pagulu!"

Nditadzutsa mutu ndinaona Folkert ataima kuseri kwa mpandawo. Anabwera kudzasuzumira ngati ndagwira sipanala. Tinayang'anana. Pang'onopang'ono munthu uja anavula chipewa, n'kubwerera chambuyo.

Ndinakhala pamenepo mphindi makumi awiri, injini inazizira yokha. Potuluka ndinapeza khoti litagamula kale. Aukje anati munthu wokodza kosalekeza kenako n'kutsekeka ndi wapangozi, chikhodzodzo chikhoza kuphulika, ndipo tauni yotsatira ili ndi chipatala. Galimoto zinayi kutsogolo, zinayi kumbuyo, ine pakati ngati bokosi la maliro.

Tinaimika pansi pa mitengo pachipatalapo. Aukje analowa kukalembetsa, anatenga theka la ola, n'kubwera akupukuta manja.

"Musaope, a Gerben. Dokotala avala golovesi, apaka mafuta, alowetsa chala kumbuyoko kuti amve ngati kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo katupa. Zikavuta ndiye kapaipi kutsogolo."

"Chala kuti?"

"Mwamva."

Abale, ine ndinachita mantha. Ndikunena poyera. Ndinayang'ana pisitoni m'khosi mwa Folkert, ndinayang'ana chitseko cha chipatala, ndinaona kuti pisitoni ndi yopepuka. Ndinakweza manja.

"Anzanga, ndakhala ndikunama. Sindikudwala ine. Ndi injini. Petulo akuwira m'pampu, madzi onse aja ndimathira pamenepo. Folkert, bwera nayo, ndivala."

Aukje anapukusa mutu nati, "Amuna onse amatero akafika pakhomo pano. Wina ananamizira njinga."

Koma Folkert maso anawala. Analumphira m'galimoto yanga, n'kupotokola kiyi. Tsono injini yakhala pamthunzi theka la ola, mukuganiza inatani? Vuu, kamodzi! Anazimitsa, kulizanso, vuu! Kachitatu anatsika, anagwada, anaika khutu pafupi ndi malata aja kwa nthawi yaitali. Podzuka misozi inali m'maso.

"Gerben, mbale wanga, Mulungu akudziwa kuti palibe chimene ndimafuna padziko pano kuposa kukukoleka chitsulochi. Koma injini iyi ikuyenda ngati wotchi. Sindingaveke munthu wodwala."

"Ikatentha imafa! Hiske, auzeni!"

Mkazi wanga, amene ndakhala naye zaka makumi anayi, amene anamva kutsokomola kulikonse ndi makutu ake, anatsegula fulasiki, anathira khofi, anapsontha.

"Ine za injini ndingazidziwire kuti? Chimene ndikudziwa n'chakuti zaka zisanu ndakhala ndikukupemphani kuti mukapimidwe. Lowani, bambo."

Za m'chipindamo sindinena. Ndingoti dokotalayo anali ndi zala ngati masoseji, ndipo ankandifunsa za ulendo ngati tili pa basi. Pomaliza anavula golovesi nati, kudzera mwa Aukje, zonse zili bwino kwa munthu wa msinkhu wanga, vuto ndi limodzi: m'thupi mulibe madzi, ndizimwa ambiri. Ine amene ndinagula madzi a theka la France!

Kalabu sinakhulupirire. Anati madokotala a kunja sadziwa matupi a kwathu. Pomwepo pansi pa mitengo anakweza manja, lamulo latsopano linadutsa: mdipiti uziima makilomita makumi atatu alionse, osadikira kuti Gerben apemphe, kuti asamachite manyazi. Tsono tamverani tsoka lake. Injini yanga inkafa ikakwana makumi anayi. Poima pa makumi atatu inkazizira isanatsokomole. Sinazimenso ulendo wonsewo, kupita ndi kubwerera. Ine ntchito yanga inali kutsika, kulowa m'tchire, kuwerenga mpaka handiredi, n'kutuluka ndikumanga lamba, anthu akundigwedezera mitu mondilimbikitsa. Ku mchenga kuja anandipatsa satifiketi ya zaka makumi awiri osafa panjira. Ndinailandira chiimire.

Titafika kunyumba ndinatseka galaja, ndinachotsa malata onyezimira, ndinabwezera akuda aja. Pano galimotoyo ikhoza kufika ku Spain osapuma. Ndiye chaka chatha, m'mawa wonyamuka, ndinaganiza zoyeretsa dzina langa. Ndinaimirira kuti ndilengeze kuti ndinachira, lamulo lija lichotsedwe. Ndisanatsegule pakamwa, Folkert anandikoka mkono n'kupita nane kumbuyo kwa bagi yanga. Pisitoni inali ikadali m'khosi mwake, chaka chachitatu, chifukwa ndi kuimaima kuja palibe injini ya munthu imene inatenthanso.

Analoza malata akuda aja ndi phazi.

"Onyezimira aja ali kuti?"

"Ndinatopa nawo."

"Usandiyese mwana, Gerben. Ndawaona, ndamvetsa zonse. Unkanena zoona pachipatala paja. Ndikangoitana anthu pano, chitsulochi ugona nacho lero."

Ndinaweramitsa mutu kuti andiveke zithe. Koma iye anayang'ana uku ndi uku, n'kuyandikira pakhutu panga.

"Kodi ukalowa m'tchire muja umayang'anako kumbuyo? Tonse timatsika kukataya madzi, mdala. Amuna asanu ndi atatu, aliyense ndi mtengo wake, chothamanga. Ine kale ndinkafika pothira petulo maso atafiira, ndikupemphera. Ndani mwa ife angaimike dzanja n'kunena kuti ndi iyeyo? Pisitoniyi ndivala mpaka kumanda, sindidandaula. Koma iwe usachire. Tonse tikudalira iwe."

Ndiye ndikadwalabe, akulu. Itanitsani mowa wina, dokotala anati ndizimwa.